Kachilombo kamene ambirife tili nako, ndi khansa imene imatupitsa nsagwada za ana

Ngati mukuwerenga nkhaniyi pafoni muli m'minibasi yochokera ku Limbe kulowa m'tauni, tayang'anani anthu amene mwapanikizana nawowo. Mwa akuluakulu 10 alionse, 9 kapena kuposerapo ali ndi kachilombo kotchedwa Epstein-Barr, kamene madokotala amangokatchula kuti EBV. Kondakitala, mayi wa dengu la tomato, mphunzitsi wakhala kutsogoloyo, inuyo ndi ine, n'kutheka kwambiri kuti tonse tili nako. Kamafala kudzera m'malovu, ndipo kuno ku Africa ambiri timakatenga tili ana aang'ono, osadwala n'komwe. Kakalowa sikatuluka. Timakalamba nako, ambiri osadziwa.

Musathamange mtima, kwa anthu ochuluka zedi kachilomboka sikachita kanthu. Koma kakakumana ndi malungo obwerezabwereza, kapena ndi HIV imene sikulandira mankhwala, kamatha kukankhira maselo oteteza thupi kuti asanduke khansa yotchedwa lymphoma. Mtundu umodzi wa khansayi, Burkitt lymphoma, uli m'gulu la khansa zimene zimagwira ana kwambiri m'dziko muno.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa cha zithunzi zimene zimazungulira m'magulupu athu a WhatsApp ndi pa Facebook: mwana watupa tsaya mbali imodzi, diso latong'oka, pansi pake ndemanga zili mbwee. Wina akuti walodzedwa, wina akuti ndi dzino, wina akutsatsa mankhwala a zitsamba. Amene amanena kuti "thamangirani naye kuchipatala lero" amakhala ochepa. Komatu matendawa ali ndi dzina, chimene chimawayambitsa chikudziwika, ndipo mankhwala ake alipo ku Gulupu konkuno.

Thupi limabereka maselo, limaphanso maselo

Tiyambire pa mwanabere. Tonse tikudziwa kuti ukavulala kuphazi, mphechepeche mumatuluka kachotupa kowawa. Ukadwala zilonda zapakhosi, kamatuluka m'khosi. Timatumba timeneti ndi malo amene maselo oteteza thupi amasonkhana kukonzekera nkhondo. Mwanabere akatupa ndiye kuti maselowo akuchulukana mwachangu kuti athane ndi mdani.

Pa maselo amenewa, awiri ndiwo ofunika pa nkhani yathu. Maselo a B amapanga zida zotchedwa ma antibody, zimene zimamatirira tizilombo kuti tiphedwe. Maselo a T ena amatsogolera nkhondo, awa ndi a CD4 aja amene amatchulidwa kukiliniki ya ma ARV, pomwe ena amayendera thupi lonse kufufuza selo lililonse limene lalowedwa kachilombo kapena layamba kuchita zachilendo, n'kulipha.

Chinthu chimene chinandidabwitsa nditayamba kuwerenga za nkhaniyi ndi chakuti selo lililonse limabadwa ndi dongosolo lodzipha lokha. Asayansi amati apoptosis. Nkhondo ikatha, maselo ochuluka amene anapangidwa aja safunikanso, ndiye amafa mwakachetechete, n'chifukwa chake mwanabere amaphwa pakatha masiku. Selo likawonongeka malangizo ake am'kati, a DNA aja, limayeneranso kudzichotsa lisanabereke ana olakwika. Choncho umoyo wathu watsamira pa zinthu ziwiri: maselo achulukane pamene akufunika, ndipo afe pamene ntchito yatha.

Lymphoma ndi pamene zinthu ziwirizi zasokonekera nthawi imodzi. Selo la B kapena la T limangoberekana osaleka, ndipo likauzidwa kuti life, silimva. Zili ngati minibasi yotsika chitunda cha ku Ndirande, dalaivala waponda moto mpaka pansi koma mabuleki aduka.

Momwe EBV amabera selo

EBV amakonda kukhala m'maselo a B. Akalowamo amachita zimene amachita munthu wobera akaunti yanu ya WhatsApp: nambala ndi yanu, chithunzi ndi chanu, koma mauthenga akutumiza ndi wina.

Mwachibadwa selo la B siliyamba kuchulukana lisanalandire chilolezo kuchokera ku selo la T. EBV amapanga puloteni yotchedwa LMP1 imene imanamiza selolo kuti chilolezo chabwera kale, ndipo uthengawo suzima. Amapanganso mapuloteni ena, EBNA3A ndi EBNA3C, amene amatseka pakamwa BIM, imodzi mwa mapuloteni amene amalamula selo kuti life. Alinso ndi ina yotchedwa BHRF1 yofanana ndi puloteni yathu yoletsa imfa ya selo. Mu labu, asayansi akathira EBV pa maselo a B, maselowo amatha kumangoberekana mpaka kalekale.

Nanga bwanji tonsefe sitikudwala khansa? Yankho ndi maselo a T aja. Selo limene likupanga mapuloteni a kachilombo limaonekera, ndiye limaphedwa msanga. Pofuna kupulumuka, EBV amazimitsa pafupifupi chilichonse n'kubisala phee m'maselo ochepa a B. Ndi mmene tikukhalira naye ambirife: iye wabisala, alonda ali maso. Vuto limayamba alonda akatopa kapena akachepa.

Kumayiko a azungu ambiri amatenga kachilomboka mochedwa, ali achinyamata, ndipo ena amadwala zilonda zapakhosi, kutentha thupi ndi kufooka kwa masabata angapo. Kumeneko amawatcha matenda a kupsompsonana. Mpaka lero palibe katemera wa EBV amene wavomerezedwa kuti anthu azibayidwa.

Dokotala amene anadutsa ku Nyasaland ndi mapu

Mbiri ya kachilomboka inadutsa kwathu kuno. Mu 1957, Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Ireland amene ankagwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala, m'dziko la Uganda, anaona mwana wotupa nsagwada modabwitsa. Posakhalitsa anaonanso wina. Atafufuza m'mafayilo akale anapeza kuti ana otere analipo ambiri, ndipo mu 1958 anasindikiza zimene anapeza.

Kumapeto kwa 1961, Burkitt ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale n'kuyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000 m'masabata 10, kuyendera zipatala zoposa 50 za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo za ku Nyasaland. Paliponse ankaonetsa zithunzi n'kufunsa ngati ana otere amabwera, komanso kumene amachokera. Mapu amene anatuluka anaonetsa kuti chotupachi chimapezeka kwambiri kumadera otentha, otsika ndi a mvula yokwanira. Kuno kwathu chinkaoneka kwambiri m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire kusiyana ndi kumapiri kozizira. Khansa yotsata nyengo? Burkitt anaganiza kuti payenera kukhala kachilombo kofalitsidwa ndi tizilombo touluka.

M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho cha 1961, wasayansi wina, Anthony Epstein, anali atamvera Burkitt akukamba za chotupachi ku London, ndipo anapempha kuti azimutumizira zidutswa za zotupazo kuchokera ku Kampala. Mu 1964, Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anaona kachilombo katsopano m'maselo a chotupacho. Aka kanali kachilombo koyamba kupezeka kokhudzana ndi khansa ya munthu.

Koma panatsala funso. EBV ali paliponse, ku London, ku Tokyo, ku Chitipa. Nanga bwanji khansa ya anayi yachulukira kumadera otentha a Africa ndi ku Papua New Guinea? Mapu a Burkitt aja atawayika pamwamba pa mapu a malungo, anagwirizana.

Malungo ndi sipika yosazima

Kuti selo la B lipange zida zogwira bwino mdani, limadula ndi kusokanso malangizo ake a DNA pogwiritsa ntchito puloteni yotchedwa AID. Ndi ntchito yofunika koma yoopsa, ngati telala amene akudula nsalu mothamanga. Nthawi zina lumo limadula polakwika.

Mwana wa ku Chikwawa, Nsanje kapena Mangochi amene akudwala malungo kangapo pachaka, maselo ake a B amakhala pa ntchitoyi osapuma. Kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, kamadzutsa maselo a B ambirimbiri nthawi imodzi, kamachulukitsa ntchito ya AID, ndipo kamafooketsa maselo a T amene amalondera EBV. Zotsatira zake, maselo okhala ndi EBV amachuluka, ndipo mwayi wakuti lumo lilakwitse umakula.

Kulakwitsa koopsa kwambiri kumakhudza jini yotchedwa MYC, imene imalamula selo kuti likule ndi kugawikana. Malo ake ndi pa chromosome nambala 8, pomwe imayatsidwa ndi kuzimitsidwa mosamala. Mu Burkitt lymphoma, MYC imaduka n'kukalumikizidwa pafupi ndi jini yopanga ma antibody, nthawi zambiri pa chromosome nambala 14. Malo amenewo mu selo la B sazima. Zili ngati kutenga kawailesi kakang'ono n'kukalumikiza ku masipika a shopu ya ku Limbe imene imaliza nyimbo kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Ngakhale zitafika apa, thupi limakhalabe ndi chitetezo chomaliza: MYC ikapitirira muyezo, selo limayenera kudzipha. Apa ndi pamene EBV amathandizira selo lolakwikalo kuti lipulumuke. Malungo aponda moto, EBV wadula mabuleki. Pafupifupi zotupa zonse za Burkitt za ana a kumadera a malungo zimapezeka ndi EBV m'kati mwake.

Umboni wina unachokera ku Blantyre konkuno. Kafukufuku amene anachitika pa ana ogonekedwa ku Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo anasindikizidwa mu 2008, anapeza kuti ana amene magazi awo ankaonetsa zizindikiro zambiri za EBV komanso za malungo anali pachiopsezo cha Burkitt lymphoma chokwera pafupifupi ka 13 poyerekeza ndi amene zizindikiro zonse ziwiri zinali zochepa. Anapezanso kuti matendawa anali ochepa pakati pa ana a m'mabanja ogwiritsa ntchito masikito. Bungwe loona za kafukufuku wa khansa pansi pa WHO linaika EBV m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1997.

Khansayi imakonda ana a zaka zapakati pa 4 ndi 9, anyamata kuposa atsikana. Ndipo ndi yothamanga kuposa khansa ina iliyonse ya munthu: maselo ake amatha kuwirikiza kawiri m'maola 24 mpaka 48. Tsaya limene linatupa pang'ono Lolemba limakhala lina pofika Lamlungu. Mwezi umodzi wozungulira kwa asing'anga ndi nthawi yaitali kwambiri.

HIV ikachotsa alonda

Kwa ife achinyamata ndi akuluakulu a mumzinda, nkhani yaikulu ndi HIV. Kachilombo aka sikasandutsa selo la B kukhala khansa mwachindunji. Kamapha maselo a CD4, ndipo atsogoleri a nkhondo akatha, alonda a EBV amasowa mphamvu. Kamachititsanso kuti maselo a B azikhala odzuka nthawi zonse, telala uja osapuma. N'chifukwa chake munthu amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala ali pachiopsezo chachikulu cha mitundu ingapo ya lymphoma, kuphatikizapo Burkitt, Hodgkin ndi ina yotchedwa diffuse large B-cell.

Palinso kachilombo kena ka m'banja limodzi ndi EBV, kotchedwa KSHV kapena HHV-8, kamene Yuan Chang ndi Patrick Moore anakapeza ku New York mu 1994. Ndi kofala kwambiri m'chigawo chino cha Africa. Ndiko kamayambitsa Kaposi sarcoma, khansa ya mawanga akuda pakhungu ndi kutupa miyendo imene inatenga abale athu ambiri ma ARV asanabwere. Nakonso kamalowa m'maselo a B, ndipo kamayambitsa mtundu wina wa lymphoma wodzaza madzi m'chifuwa kapena m'mimba, komanso matenda otchedwa multicentric Castleman, amene madokotala a ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mogwirizana ndi UNC Project, akhala akuwapeza mwa anthu amene ali ndi HIV.

Apa pali nkhani yabwino. Munthu woyamba kupezeka ndi HIV m'Malawi anapezeka mu 1985, ma ARV aulere anayamba mu 2004, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilomboka amayamba mankhwala osadikira kuti CD4 itsike. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu 8.9 mwa 100 alionse ali ndi HIV, ndipo mzinda wa Blantyre uli m'gulu la madera amene chiwerengerocho n'chokwera. Ma ARV amabwezeretsa alonda aja. Sachotseratu chiopsezo cha lymphoma, koma amachichepetsa kwambiri. Mnzanu amene wasiya kumwa mankhwala chifukwa akuti akupeza bwino, kapena akuopa kuonedwa pamzere kukiliniki, mukumbutseni kuti piritsi lija likumutchinjirizanso ku khansa.

Msampha wina ndi TB. Kutupa anabere, kutuluka thukuta usiku, kuonda ndi kutentha thupi ndi zizindikiro za TB komanso za lymphoma. Popeza TB ndi yofala kwathu kuno, odwala lymphoma ena amayamba amwa mankhwala a TB kwa miyezi asanadziwike chenicheni, ndipo madokotala a khansa a ku Blantyre analembapo za vutoli. Ngati munthu wamwa mankhwala a TB mokhulupirika kwa masabata angapo koma zotupa zikungokula, abwerere kuchipatala akanene, osadikira kuti miyezi 6 ithe. Njira yotsimikizira lymphoma ndi kutenga kanyama kapena timadzi ta pachotupapo n'kukaunika ku labu.

Ku Gulupu kuli mankhwala

Chodabwitsa cha Burkitt lymphoma n'chakuti kuthamanga kwake ndi kumenenso kumaigonjetsa. Mankhwala a khansa amapha maselo amene akugawikana, ndiye chotupa chachikulu chimatha kuphwa moonekeratu m'masiku ochepa chabe. Burkitt mwiniwake anaona zimenezi m'zaka za m'ma 1960.

Ku Queen Elizabeth Central Hospital kuli wodi ya ana odwala khansa, ndipo Pulofesa Elizabeth Molyneux, amene anatsogolera gawo la ana pachipatalachi kwa zaka zambiri, ndi mmodzi mwa amene anaimanga ntchitoyi. Pamodzi ndi anzake monga Pulofesa Peter Hesseling wa ku Stellenbosch, anayesa njira zoperekera mankhwala zogwirizana ndi mmene zinthu zilili kuno, kumene ana ambiri amafika ali onyentchera ndipo sangapirire mankhwala amphamvu kwambiri. Njira ina ya masiku 28, yodalira mankhwala otchipa a cyclophosphamide ndi methotrexate, inapulumutsa pafupifupi theka la ana amene anailandira. Kumayiko olemera, ana oposa 9 mwa 10 alionse amachira. Mu 2018 bungwe la WHO linakhazikitsa cholinga chakuti pofika 2030 ana 60 mwa 100 alionse odwala khansa padziko lonse azichira, ndipo Burkitt lymphoma ili pa mndandanda wa khansa 6 zoyambira.

Kusiyana kwa theka ndi 9 mwa 10 sikuchokera pa mankhwala okha. Ana ambiri amafika mochedwa, khansa itafika kale m'mimba, m'mafupa kapena mu ubongo. Ena amayamba mankhwala, chotupa chikaphwa makolo amaganiza kuti mwana wachira ndiye sabwereranso, pomwe maselo otsala amadzukanso mwamphamvu. Ofufuza amene anacheza ndi makolo pawodiyi anapeza kuti chimene chimawabweza ambiri si kusasamala ayi, koma ndalama ya thiransipoti, chakudya, ndi munda kapena ana ena amene atsala kumudzi opanda wowayang'anira. Kuchipatala cha boma mankhwala salipiritsa, koma minibasi yochokera ku Nchalo kapena ku Phalombe imalipiritsa.

Apa ndi pamene ife a m'tauni tili ndi gawo. Ambirife ku Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena Machinjiri ndife amene abale akumudzi amatiyimbira mwana akadwala. Malo ogona, mbale ya nsima ndi ndalama ya ulendo wobwereranso pa tsiku limene adokotala alemba zikhoza kukhala kusiyana kwa moyo ndi maliro.

Zoyenera kuyang'anira

Kwa mwana: tsaya kapena nsagwada yotupa msanga koma yosawawa kwenikweni, mano ogwedera popanda chifukwa, diso lotong'oka, mimba yokula ndi youma, kapena miyendo kufooka mwadzidzidzi mpaka kulephera kuyenda. Izi si zodikira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Pitani naye lero, ndipo ngati mwayambira ku chipatala chaching'ono monga cha Ndirande, Limbe kapena Zingwangwa, fotokozani momveka kuti chotupacho chayamba liti ndipo chikukula mwachangu bwanji.

Kwa wamkulu: mwanabere wa m'khosi, m'khwapa kapena mphechepeche amene watha masabata atatu kapena anayi osaphwa, makamaka ngati sakuwawa ndipo akukula; thukuta la usiku lonyowetsa zofunda; kutentha thupi kobwerezabwereza poti malungo sakupezeka; kuonda popanda chifukwa. Anabere ambiri si khansa, ndipo amaphwa okha. Amene sakuphwa ndiye wofunika kuonedwa ndi achipatala.

Zopewera zake ndi zomwe timazidziwa kale, kungoti sitinkaziona ngati zokhudza khansa. Masikito ndi ogonamo ana, osati otchingira dimba kapena kuphera usipa. Mwana akatentha thupi akayezedwe malungo msanga ndipo amalize mankhwala onse. Malawi ndi dziko loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kudzera m'ndondomeko ya katemera wa ana, mu Epulo 2019, ndiye kumene akuperekedwa, mwana alandire mabayidwe onse. Inuyo kayezetseni HIV, ndipo ngati muli pa ma ARV musadumphitse. Mukafuna uphungu musananyamuke, imbirani Chipatala cha pa Foni.

Ndipo lymphoma sipatsirana. Mwana wodwala khansayi angathe kudya mbale imodzi ndi anzake, kusewera nawo ndi kugona nawo chipinda chimodzi. EBV amene ali naye ndi yemweyo amene anzakewo ali naye kale.

Chithunzi cha mwana wotupa tsaya chikadzafikanso pagulupu yanu, musangoyika kankhope kolira n'kupitirira. Funsani ngati wafika kuchipatala, tchulani dzina la Burkitt lymphoma, auzeni kuti ku Gulupu ndi ku Kamuzu Central amachiza, ndipo ngati muli ndi kangachepe, tumizani ya thiransipoti tsiku lomwelo.